Purosesa ya K15,000 yomwe yandisowetsa tulo sabata ino

Kompyuta yanga ya pakona ija ikupumabe. Mwezi watha ndinaipukuta fumbi, ndinachotsa fani yomwe inkalira ngati chigayo, ndinaikamo RAM (mosungira zinthu zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo) ziwiri za 4GB iliyonse. Chatsala ndi purosesa, ubongo wa kompyuta. Muli Core i3-2120 ya 2011, ma core awiri (timitu togwira ntchito mkati mwake), liwiro 3.3 GHz. Kulemba makalata ndi kuonera YouTube siivutika nazo, koma ndikaipatsa vidiyo ya kwaya yathu kuti iikonze, ndimaphika nsima, kudya, kutsuka mbale, iyo ikadali pakati.

Motherboard yake, bolodi lalikulu lomwe zonse zimalumikizidwapo, ndi ya H61, soketi (pokhalira purosesa) ndi LGA1155, ndipo purosesa yomwe ndakhala ndikuilakalaka ndi Core i7-3770: inatuluka mu April 2012, ma core anayi, ma thread 8, imayambira pa 3.4 GHz n'kufika 3.9, mawati 77. Iliponso 3770K, koma K ameneyo ndi wa anthu othamangitsa purosesa kuposa muyezo wake, ndipo H61 siilola zimenezo, ndiye kwa ine ndi ndalama yongotaya.

Lolemba usiku ndinaiona pa Facebook. Mnyamata wina wa ku Limbe, i7-3770, K15,000. Onse amene ndinawafunsapo chaka chino ankayambira pa K50,000 kupita m'mwamba. Mtima unati lipira pompano ena asanaione. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndiye ndinaika foni pansi n'kuyamba kudzifunsa kuti nyererezo zingakhale pati.

Mantha anga oyamba anali pa chivindikiro. Zimene timawerenga pa purosesa zimalembedwa pa kachitsulo kapamwamba, osati pa chipangizo chenichenicho. Pa i7-2600 ya 2011 kachitsuloko anakawotcherera, kukachotsa ndi nkhondo. Koma pa m'badwo wa Ivy Bridge, womwe 3770 ilimo, Intel anangoika thermal paste, phala lochotsa kutentha, mkati n'kumata m'mbali ndi guluu wakuda. Munthu wa dzanja losanjenjemera amatha kusenda ndi lezala. Ndiye taganizani: watola i7 yakufa, wachotsa chivindikiro, wachimata pa Celeron G1610 ya soketi yomweyo. Ukaiika mu kompyuta iyaka bwinobwino, koma wagula ma core awiri a 2.6 GHz ovala suti yobwereka.

Ndinamupempha zithunzi za mbali zonse ziwiri. Pamwamba panali SR0PK, nambala yoyenera ya 3770. Panalibe mawu oti Intel Confidential, omwe amakhala pa mapurosesa oyesera amene sanayenera kufika pamsika. Kunsi, tizinthu ting'onoting'ono tapakati tija tinali tonse, ndipo kakhalidwe kake kanafanana ndi zithunzi za 3770 zomwe ndinapeza pa intaneti. Guluu wa m'mbali sankaoneka wosendedwa. Mpaka pamenepo, zonse bwino.

Kenako anati nditumize theka pa foni kuti andisungire. Ndinakana. Ndinati ndibwera ndi kompyuta yanga, tiiyese pamaso pa tonse awiri. Anakhala chete tsiku lonse, ine ndinati basi, wathawa. Lachitatu m'mawa anayankha kuti Loweruka ali bwino. Kunena zoona kuvomera kwakeko kunandisokoneza kuposa mtengo uja, chifukwa wakuba sakonda kuyesedwa.

Ntchito ya Lachinayi inali BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yomwe imadzutsa kompyuta. Ma H61 ambiri akale sadziwa Ivy Bridge mpaka uwasinthire BIOS, ndipo BIOS-yo umaisintha purosesa yakale ikadali momwemo, apo ayi ungoona mdima pa sikirini n'kumanamizira wogulitsa. Kusintha BIOS ndi mphindi ziwiri zokha, koma magetsi akathima pakati pake motherboard imatha kusanduka mbale. Sindinafune kuyesa mwayi wanga. Ndinanyamula zonse kupita kwa aneba anga omwe ali ndi sola ndi inverter, ndipo anandiuza kuti malipiro ake ndiwakonzere printer yawo. Zinatheka. Amene muli ndi Dell OptiPlex 790 musavutike nazo izi: imeneyo siilandira 3770 ngakhale soketi ili yomweyo, mufune 7010.

Loweruka ndinakwera minibasi, kompyuta pamiyendo ngati mwana wodwala. Tinakumana pa kashopu ka mnzanga wokonza mafoni. Mnyamatayo anabwera ndi purosesa yokulungidwa mu pepala la kope.

"Ndi yabwinobwino, madala. Ndinaichotsa mu kompyuta yomwe inapsa power supply."

"Chabwino achimwene, tiyeni itiuze yokha."

Inayaka ulendo woyamba. BIOS inati i7-3770. CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zamkati mwa kompyuta, inatsimikiza: Ivy Bridge, 22 nm, ma core anayi, ma thread 8, cache 8MB. Dzina limene CPU-Z imawerenga limachokera mkati mwa chipangizo, ndiye nkhani ya chivindikiro inathera pomwepo. Ndinaikwapula ndi Prime95, pulogalamu yoipanikiza ndi ntchito, mphindi 20, madigiri a kutentha anaima cha m'ma 80, pamene malire ake ndi 105. Sinagwe. Ndinayamba kale kupisa dzanja m'thumba, ndipo mnyamata uja anali atayamba kumwetulira.

Mnzanga ndiye anaona. Anati kodi sunati uli ndi 8GB? Pa sikirini panali 4GB, single channel, kutanthauza njira imodzi yokha.

Apa ndi pamene panapita masana onse. Ndinasinthanitsa RAM ziwirizo: iliyonse imagwira ikakhala pa malo oyamba, pa malo achiwiri zii. Ndinabwezeramo i3 yanga yakale, 8GB yonse n'kubwerera. Ndiye vuto silinali RAM, silinalinso motherboard. Anthu ambiri sadziwa kuti pa mapurosesa amenewa chowongolera RAM chili mkati mwa purosesa momwemo, ndipo chili ndi njira ziwiri. Motherboard yanga ili ndi malo awiri okha a RAM, malo aliwonse njira yake. Njira imodzi ikafa, malo amodzi afa nayo.

Nthawi zina si kufa, ndi litsiro chabe kapena fani yomangidwa mokhota. Ndinapukuta kunsi kwake ndi sipiriti. Ndinaunika mapini a mu soketi ndi tochi ya foni, mzere ndi mzere, kufunafuna lopindika, chifukwa pa LGA mapini amakhala pa motherboard, purosesa imangokhala ndi timadontho tagolide. Onse anali chilili. Ndinamanganso fani mosamala, ngodya ndi ngodya. Katatu konse, 4GB yomweyo. Kenako mnzanga anaiika pansi pa galasi lake lokulitsira zinthu, ndipo chakumphepete tinaona timadontho tiwiri takuda, topserera. Pa chithunzi cha pa foni chija sitinkaoneka m'pang'ono pomwe.

"Koma ikuyaka, madala. Mwaona nokha."

Sindikukhulupirira kuti ankafuna kundibera. Akuti kompyuta imene anaiyeserapo inali ndi RAM imodzi, ndiye vutoli sakanaliona. Koma mtengo wotere sungogwa kumwamba. Winawake m'mbuyomo anadziwa kanthu.

Ndinakhala pa benchi n'kuwerengera. Kuti ndikhalebe ndi 8GB ndiyenera kugula RAM imodzi ya 8GB DDR3, ziwiri zanga zija n'kukhala m'dirowa. Loto la 16GB lathera pomwepo, chifukwa malo amodzi salandira kuposa 8GB. Njira imodzi ndi theka la msewu wa deta, ndipo HD 4000, yojambula zithunzi yomwe ili mkati mwa purosesayi, imadya pa RAM yomweyo. Komanso chinthu chomwe chinapsapo kamodzi, ndani angandilonjeze kuti njira yotsalayo ifika Khirisimasi?

Palinso funso lomwe ndakhala ndikulizemba: ndi ndalama zingati zoyenera kuthira mu soketi ya chaka cha 2011? Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamene 3770 ndi ya m'badwo wachitatu. Ilibenso AVX2, njira yowerengera yomwe inabwera ndi Haswell, m'badwo wotsatira, mu 2013, ndipo mapulogalamu ena atsopano amakana kuyaka popanda iyo. Ine ndili pa Linux Mint, ndiye za Windows sizindidetsa nkhawa, koma tsiku lodzagulitsa kompyutayi ogula adzafunsa zimenezo. 3770 yathanzi ndikanaitengabe, ngakhale pa K40,000. Yolumala ayi.

Ndinamuuza kuti ndingapereke K7,000, ikhale yoyesera ma motherboard ena akabwera. Anaseka, n'kuikulunganso mu pepala lake lija. Ndinamugulira Fanta chifukwa cha nthawi yake, ndipo ndinamupempha kuti wogula wina adzamuuze za RAM. Anati adzatero.

Pobwerera ndinawonjezera pang'ono pa K15,000 ija n'kugula SSD ya 240GB, diski yachangu yomwe ndinayenera kuyamba nayo kalekale, chifukwa hard disk yakale ndi imene imandichedwetsa poyatsa. Vidiyo ya kwaya izidikirabe nsima. Dzulo mnyamata uja watumiza uthenga kuti K10,000 atenga. Sindinamuyankhe, ndikufufuza kaye mtengo wa RAM ya 8GB. SSD ndiikamo Loweruka likudzali, ndikamaliza printer ya aneba.