Mmene ndinasankhira volovolo yaing'ono yoyenda nayo kuno kuchigwa

Ndimagula ng'ombe ndi mbuzi m'midzi yozungulira Ngabu, Miseu Folo mpaka Bangula, n'kukagulitsa kwa eni mabutchala kumtunda ku Blantyre. Alimi ambiri safuna kumva za Mpamba kapena Airtel Money pa ndalama ya ng'ombe. Amafuna aione ndi maso, aiwerenge pamkeka mkazi wawo ali pomwepo. Choncho ndimayenda ndi ndalama panjinga yamoto, m'njira zimene aliyense amadziwa tsiku limene ndimadutsa. Ichi n'chimene chinandifikitsa popempha chilolezo cha mfuti yaing'ono. Anzanga a bizinesi akamva, amathamangira kufunsa kuti yabwino ndi iti, koma funso limenelo lili ndi akuluakulu ake amene ayenera kuyankhidwa kaye.

Loyamba ndi la lamulo. Mfuti kuno kwathu zimayendera Firearms Act ya 1967, ndipo kupezeka ndi mfuti kapena chipolopolo ngakhale chimodzi popanda laisensi ndi mlandu wa ndende. Ife a kuchigwa tili pa chiyeso chachikulu chifukwa malire ali pafupi mbali zonse, ndipo chithereni nkhondo ya ku Mozambique mu 1992 mphekesera za "katundu wa kutsidya" sizinathe. Wina akakunong'onezani kuti ali nayo yotchipa, nyamukani pamalopo. Simudziwa kuti mfutiyo inapha ndani, ndipo tsiku limene mudzaitulutse, ngakhale podziteteza, wolakwa woyamba mudzakhala inuyo.

Ine ndinayambira ku polisi ya m'boma mwathu. Anandipatsa fomu, ananditenga zidindo za zala, ndipo anandifunsa mwakachetechete koma mozama: ndalama zimene ndimayenda nazo, njira zanga, ngati ndinayamba ndazengedwapo mlandu, ngati ndimamwa mowa, kumene ndidzasunge mfutiyo. Ndinapititsanso kalata ya mfumu yathu ndi mapepala a bizinesi. Zonsezi zimapita ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe, kumene kuli kaundula wa mfuti, ndipo yankho limatenga nthawi yaitali ndithu. Akhoza kukukanani, pakuti kukhala ndi mfuti si ufulu umene munthu amabadwa nawo m'dziko muno. Musapereke kangachepe kwa aliyense amene akulonjeza kufulumizitsa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chilolezo sichikhala cha mfuti ina iliyonse, chimatchula mtundu wake ndi chipolopolo chake, ndipo pamapeto nambala ya mfutiyo imalembedwa pa dzina lanu. Ndiye kusankha kumayamba musanamalize kulemba fomu.

Apa anandithandiza ndi amalume anga amene anapuma usilikali. Ine mtima unali pa pisitolo ya magazini (kabokosi kosolola kosungiramo zipolopolo), yolowa zipolopolo zambiri. Iwo anandifunsa kuti, "Mphwanga, ukamafika kunyumba kuchokera ku Bangula mwezi wa Okutobala, m'makutu mwako mumakhala chiyani?" Ndinati fumbi, amalume. Anati, "Limenelo lidzakhalanso m'mfuti yako." Volovolo ilibe magazini, ilibe kotsekera koletsa mfuti kulira kamene umayenera kukumbukira kutsegula mantha atakugwira, ndipo chipolopolo chikakana kulira umangokokanso thiriga (kokokera ndi chala kuti mfuti ilire), silinda (chitsulo chozungulira cha mabowo okhalamo zipolopolo) n'kuzungulira kubweretsa china. Koma sanandibisire zoipa zake. Yaing'ono imalowa zipolopolo zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi. Kuikamo zina kumachedwa. Thiriga yake ndi yolimba, imafuna mphamvu ya makilogalamu asanu kapena kuposerapo, pamene mfuti yonseyo kawirikawiri siikwana theka la kilogalamu. Ndi mfuti yosavuta kuimvetsa koma yovuta kulasa nayo bwino.

Nkhani imene inandidyera nthawi kwambiri ndi ya kulemera. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, ndipo palibe amene amavala jekete. Umavala shati yopyapyala ndi buluku, basi. Mfuti yolemera imakoka lamba, imaonekera, imakupweteka m'chiuno ukakhala panjinga tsiku lonse, ndipo mapeto ake umayamba kuisiya kunyumba. Ndiye maganizo oyamba amakuuza kuti tenga yopepukitsitsa.

Koma chipolopolo chikamatuluka kutsogolo, mfuti imakankhira m'mbuyo, ndipo chimene chimameza kukankhako ndi kulemera kwa mfutiyo. Mukatenga chipolopolo chomwecho n'kuchiwombera m'mfuti yolemera theka la inzake, mphamvu imene imagunda m'dzanja lanu imakhala pafupifupi kawiri. Dzanja likapweteka, munthu umayamba kuphethira ndi kugwetsa mlomo wa mfuti usanawombere n'komwe, ndipo umasiya kuphunzira chifukwa ukuopa ululu. Mfuti imene mwini wake amaiopa ndi ngozi kwa ana ndi amayi amene ali kumbuyo kwa chigawengacho.

Tinakhala pansi ndi amalume n'kuyala mitundu yodziwika. Smith & Wesson ya ku America inayamba kupanga mavolovolo aang'ono otchedwa J-frame mu 1950, olowa zipolopolo zisanu. Mwa amenewa muli Model 340PD, imene thupi lake ndi aluminiyamu wosakaniza ndi scandium ndipo silinda yake ndi ya titanium, zonsezi zitsulo zopepuka. Imalemera magalamu pafupifupi 330 ndipo imalira chipolopolo champhamvu chotchedwa .357 Magnum. Amalume anangopukusa mutu. Mulinso Model 642, ya thupi la aluminiyamu koma silinda ndi mpope wa chitsulo chosachita dzimbiri msanga, yolemera magalamu pafupifupi 410, ya chipolopolo cha .38 Special. Ruger LCR, imene inatuluka mu 2009, ili ndi mbali ina ya pulasitiki wolimba, imalemera magalamu pafupifupi 380, ndipo thiriga yake ndi yofewerapo. Ruger SP101 ndi chitsulo chokhachokha, imapitirira magalamu 700, imakoma kuwombera koma imalemera kuyenda nayo. Kuli Taurus ya ku Brazil, imene mtengo wake umakhala wotsikirapo, ndipo Model 856 yake imalowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Ine ndinaona kuti malo anga ali pakati, pa magalamu 400 mpaka 500: yopepuka moti sindingaisiye kunyumba, yolemera moti ndingathe kuphunzira nayo osadana nayo.

Za chipolopolo sindinachedwe nazo. .38 Special ndi yakale kwambiri, yodziwika padziko lonse, ndipo ikukwanira pa ntchito yodziteteza pafupi. .357 Magnum, imene inabwera mu 1935, ndi yamphamvu, koma m'mpope waufupi wa masentimita asanu onga wambiri umapsera kunja, n'kusanduka moto ndi phokoso logonthetsa. Volovolo ya .357 imalola .38 Special, koma ya .38 siilola .357, ndipo musayesere. Zipolopolo zolembedwa +P ndi zamphamvu kuposa zamasiku onse, ndipo zimalowa m'mfuti yokhayo imene wopanga analemba kuti imazilola. Funsani wogulitsa kuti ndi ziti zimene amakhala nazo kawirikawiri musanalembe pa fomu, chifukwa mfuti yopanda zipolopolo zopezeka ndi chitsulo chabe.

Kenako kanyundo kakumbuyo, kamene kamamenya kuti chipolopolo chilire. Mavolovolo ena kamaonekera, ndipo ungakakokere m'mbuyo kuti thiriga ifewe. Ena, monga 642, kanabisidwa m'kati. Ndinasankha kobisika pa zifukwa ziwiri. Koonekera kamakola shati kapena thumba pamene ukufuna kusolola, ndipo kamasiya mpata wolowera fumbi ndi ulusi. Chachiwiri anandiuza amalume: munthu amene wakokera kanyundo m'mbuyo ali ndi mantha, chala chikunjenjemera, amawombera asanafune. Thiriga yolimba ija imakupatsa kamphindi kakuti uganize.

Chilolezo chitatuluka ndinakwera chitunda kupita kwa wogulitsa wovomerezeka ku Blantyre, amalume ali nane. Gwirani mfuti iliyonse imene akuonetsani musanamve mtengo. Choyamba tsegulani silinda muone ndi maso anu kuti mulibe kanthu, ngakhale wogulitsa atanena kale. Pemphani ngati mungakoke thiriga ili yopanda zipolopolo, mlomo utaloza kumalo kopanda munthu, ndipo muone ngati chala chanu chikufika bwino ndiponso ngati mlomowo sukugwedezeka. Zogwirira za mfuti zazing'onozi n'zazifupi, chala chakaniso chimalendewera. Manja anga ndi aakulu, a munthu wogwira zingwe za ng'ombe, choncho ndinapempha chogwirira cha labala chachitaliko. Chimaonjezera pang'ono kukula, koma chimachepetsa ululu ndipo sichiterera ndi thukuta.

Imodzi mwa zimene anationetsa inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mmene amalume anaiyendera n'zofunika kuzidziwa. Anaunika m'mpope kufuna dzimbiri ndi malo otupa. Anazungulitsa silinda kuona ngati ikukhazikika pa bowo lililonse kanyundo kasanagwe. Anaigwedeza kutsogolo ndi m'mbuyo kumva ngati ili ndi mpata waukulu. Anatsegula n'kuyang'anitsitsa pansi pamene mpope umalowera m'thupi, chifukwa pa mfuti za aluminiyamu mng'alu umakonda kuyambira pamenepo. Anayang'ananso mitu ya masikuluwu: ikakhala yophwanyika ndiye kuti wina wosadziwa analowamo. Imeneyo tinaisiya. Ndinatenga 642 yatsopano, nambala yake inalembedwa m'mapepala, ndipo ndinabwerera nayo ku polisi kukamalizitsa za laisensi ndisanayambe kuyenda nayo.

Chimake chake ndi mbali ya mfutiyo, osati chokongoletsera. Chiyenera kuphimba thiriga yonse ndi kugwira mfuti kuti isagwe ngakhale njinga itagwera m'dzenje. Kuisomeka m'buluku yopanda chimake, kapena kuiponya m'thumba limodzi ndi makiyi, ndi njira yodziwombera mwendo. Ndinayamba ndi chachikopa, koma chikopa kuno chimamwa thukuta n'kulisunga pa chitsulo usiku wonse. Cha pulasitiki wolimba, chokhala ndi mbali yotchinga pakati pa thupi ndi mfuti, n'chimene chagwirizana ndi nyengo yathu. Lamba akhale wolimba, shati ikhale yotayirira yosapisira, yamaluwa kapena yamizere imabisa bwino kuposa yoyera. Madzulo alionse ndimachotsa zipolopolo, n'kupukuta mfuti ndi kansalu ka mafuta ochepa. Chitsulo chimene amati sichichita dzimbiri chimachita ndithu chikakumana ndi mchere wa thukuta la ku Nsanje.

Kuphunzira kwambiri ndimachita popanda chipolopolo, chifukwa zipolopolo n'zodula ndipo zimene umagula zimalembedwa. Ndimatseka chitseko, zipolopolo ndimazisiya m'chipinda china, ndimaonanso kawiri m'silinda, kenako ndimakoka thiriga pang'onopang'ono mpaka mlomo utasiya kugwedezeka. Kuwombera kwenikweni ndimachitira pamalo ovomerezeka okha, nditatseka makutu, pa mtunda wa mamita atatu mpaka asanu ndi awiri. Zala zisayandikire kutsogolo kwa silinda, pamene pamatuluka moto wotha kung'amba khungu. Ndipo chala sichikhudza thiriga mpaka utatsimikiza chimene ukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. M'midzi yathu kuseri kwake nthawi zambiri kumakhala nyumba ya udzu muli anthu.

Pali mawu amene wapolisi wamkulu anandiuza pondipatsa mapepala, ndipo ndikufuna aliyense awamve. Lamulo limalola kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi ngozi imene yakugwera. Wakuba amene akuthawa ndi mbuzi yanu sakuopseza moyo wanu, ndipo mukamuwombera kumsana mudzayankha mlandu wakupha. Kutulutsa mfuti pokangana mtengo wa ng'ombe kapena malire a munda ndi mlandunso. Ngati mumamwa, ngati mumapsa mtima msanga, ngati kunyumba kuli mikangano kapena wina amene mtima wake wasweka moti amalankhula zodzipha, musabweretse mfuti m'nyumbamo. Ine ndisanalembe fomu ndinakambirana kaye ndi mayi a kunyumba, ndipo akanakana nkhani ikanathera pomwepo. Sefa yachitsulo ndinaimangirira ku khoma, pamwamba, kiyi amakhala pathupi panga, ndipo ana sadziwa kumene zipolopolo zimagona.

Poyenda, laisensi ndimakhala nayo nthawi zonse. Pa rodibuloko ya pa Thabwa akafuna kusecha, ndimanena ndekha modekha kuti ndili ndi mfuti ya laisensi, manja ali poonekera, n'kudikira andiuze chochita. Laisensi ya Malawi imathera pa malire: ku Marka simungawoloke nayo. Ku Lengwe ndi ku Majete simulowa ndi chida popanda chilolezo cha a zanyama zakutchire. Ndipo poti ndife anthu a madzi osefukira, amene tinaona za 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023, ganizirani mvula isanayambe kumene mfuti idzakhale ngati banja litathawira ku msasa wa pasukulu, pamene anthu mazana amagona m'chipinda chimodzi. Kafunseni ku polisi yanu nthawi ikadalipo za mmene angakusungireni. Zipolopolo zimene zamizidwa m'madzi musazidalirenso ndipo musazitaye kudzala, kaziperekeni ku polisi.

Kukhala ndi volovolo sikunasinthe njira zanga zakale zodzisamalira. Ndimasinthasintha tsiku ndi njira, sindiyenda dzuwa litalowa, ndipo mlimi aliyense amene wavomera kulandira ndalama pafoni ndimamuonjezera ya kutapa kuti asadandaule. Laisensi imafuna kukonzanso chaka ndi chaka, ndipo ikatha mphamvu mfuti yanu yomweyo imasanduka yosaloledwa. Tsikulo ndinalilemba pa kalendala ya kusitolo ndi m'foni, ndipo ndimapita mwezi wathunthu lisanakwane, nditanyamula laisensi yakale, chitupa cha unzika ndi malisiti onse a zipolopolo.