Theka lakutsogolo la ndodo ya pool silifuna vanishi

Munthu akandibweretsera ndodo ya pool kuti ndiikonze, pempho lake limangokhala lomwelomwelo: "Mundiwalitsire ndithu, ioneke ngati yatsopano." Chogwirira chakumbuyo ndimachiwalitsa mosanyinyirika. Koma theka lakutsogolo, lija limatsetsereka pa zala pomenya mpira, sindilipaka vanishi ngakhale mwini wake atakwinya nkhope.

Vanishi ikauma imasanduka kakhungu kosalala kwambiri, ndipo chala cha thukuta chimakakamira pamenepo. Ndodo imayenda modukizadukiza, inu n'kumadabwa kuti mpira wapafupi chonchi waphonya bwanji. Tayang'anitsitsani ndodo yochokera kwa mmisiri wodziwa ntchito: vanishi imalekezera masentimita ochepa kuchokera polumikizira matheka awiri a ndodoyo, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kunsonga zala zimakhudza thabwa.

Thabwalo kawirikawiri ndi maple wolimba wa ku North America. Theka limeneli limatalika mainchesi 29 pa ndodo ya mainchesi 58, ndipo kunsonga limakula mamilimita 13 kapena kucheperako pang'ono. Maple ali ndi timabowo tating'onoting'ono, komabe akakhala wosatsekedwa amamwa thukuta, mafuta a m'manja ndi fumbi la choko. N'chifukwa chake ndodo yoyera imayamba kubiriwira, ndipo kukakhala chinyontho imakhakhala. Ntchito ndi yotseka timabowoto popanda kusiya kanthu pamwamba.

Ndimayamba ndi kupukuta litsiro ndi kansalu konyowetsa sipiriti pang'ono. Pakakhala pophwanyika, pamene ndodo inagunda mphepete mwa tebulo, ndimadonthezapo kadontho kamodzi ka madzi n'kudikira. Thabwa silinachokepo pamenepo, linangopanikizika, ndiye likamwa madzi limafufuma n'kubwerera m'malo. Pakauma m'pamene ndimatenga sandipepa, ndipo ndi wosalala yekha, wa nambala 1000 kenako wa 2000, mongosisita.

Apa ndiye pamene ndodo zambiri zimafera. Pali anthu amene ndodo ikangomata pang'ono, athamangira sandipepa wokhakhala kapena kasiponji kobiriwira kokwechera mapoto. Tsiku limenelo imasalala zedi, sindikana. Koma fumbi loyera lotsala m'manjalo ndi ndodo yanu, ndipo silibwereranso. Choipa china n'chakuti kukwecha kumatsegula timabowo tatsopano, ndiye mawa lake imada msanga kuposa dzulo, mwiniwake n'kukwechanso. Ndodo yotere ndimaizindikira ndi chala. Ndikachiyendetsa kuchokera pa kachubu koyera ka kunsonga kutsikira pa thabwa, chimagwera pa kamtsetse, chifukwa thabwa ladyeka pamene kachubuko kakadali momwe kanalili. Ndikaigubuduza pa tebulo, pakati pamaoneka kuwala kodutsa pansi. Yafika apo, palibe mankhwala opaka amene angaichiritse.

Potseka timabowo, ine ndimakonda shellac. Ndi utomoni wotulutsidwa ndi tizilombo tina ta m'mitengo ku India ndi ku Thailand, ndipo umasungunuka mu sipiriti. Ndimausungunula kuti ukhale wamadzimadzi kwambiri, kuthira pang'ono pa kansalu, n'kuyendetsa mofulumira kuchokera polumikizira mpaka kunsonga osaima panjira. Umauma m'mphindi zochepa. Kenako ndimausisitanso ndi sandipepa wa 2000 mpaka ndodo ioneke ngati sinapakidwe kanthu. Amene akuonerera amafunsa kuti nanga mwapakiranji ngati mukuchotsanso. Wapamwamba yekha ndi amene wachoka, wolowa m'timabowo watsala momwemo, ndipo ndi umene ndimaufuna. Ndimabwereza mpaka thabwa litasiya kumwa. Dziwani kuti sipiriti yemweyo ndi amene amasungunula shellac, choncho mukadzaitsuka kwambiri ndi sipiriti muyenera kutsekanso.

Chomaliza ndi chikopa chosapaka utoto. Ndimakulunga ndodo n'kukhuta mwamphamvu, mmwamba ndi pansi, mpaka itenthe m'manja. Kutenthako ndi kupanikizako kumagoneka timaulusi ta thabwa, ndipo kuwala kumene kumabwera n'kofatsa, kosamata. Ena amawonjezera phula la carnauba, lochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Silolakwika, koma kwa ine kukatentha limayamba kugwira zala, ndiye ndimalisiya. Zopopera zokhala ndi silicone, mankhwala otereretsa, zokha ndiye ayi. Zimaterera bwino poyamba, koma zikalowa m'thabwa china chilichonse chodzapakidwa pambuyo pake chimakana kugwira.

Pafupi ndi polumikizira ndi pa chogwirira m'pamene pali ufulu wowalitsa. Amisiri ena amapaka supaguluu mopyapyala kangapo ndodo ikuzungulira pa makina, ena amapopera vanishi ya galimoto. Fungo la supaguluu limalasa m'maso, musatsekere zenera.

Osewera snooker, masewera ofanana ndi pool, amandiuza kuti iwo amapaka mafuta a linseed ndipo zimayenda. N'zoona, koma ndodo zawo zambiri ndi za mtengo wa ash, wa timabowo tokulirapo. Pa maple mafutawo amasandutsa thabwa lachikasu, ndipo amachedwa kuuma. Ngati muwagwiritsa ntchito, kansalu kake musakaunjike pakona: mafuta a linseed akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsalu yofwinyidwa ikhoza kuyaka yokha. Kayanikeni kotambasula panja.

Zonsezi sizikhudza ndodo zakuda za carbon fibre, zosakhala za thabwa, zimene zinafala kampani ya Predator itatulutsa ndodo yotchedwa Revo mu 2016. Zilibe timabowo toti mutseke, ndipo sandipepa amangoziwononga. Ikayamba kumata, ipukuteni ndi kansalu ka sipiriti, basi.