Zikomo nonse, kafukufuku wa Andreyev uja wadutsa

Abale anga zatheka, maprofesa andiuza kuti ndakhoza ndiye ndati ndithokoze pagulu pompano poti ambiri munavutika nane limodzi.

Poyamba mayi, inu munkafunsa pafoni kuti mwana wanga ku St Petersburg konseko ukukaphunzira za kagitala ka zingwe zitatu basi? Koma simunasiye kundipempherera, zikomo mayi. Achimwene, ndalama ya renti ija inafika nthawi yomwe laputopu itafa chaputala chachitatu chili mkati, sindidzaiwala.

Kwa amene mumangomva ndikutchula dzinali, Vasily Andreyev anabadwa mu 1861 ku Bezhetsk m'dziko la Russia, ankaimba kale vayolini, ndiye mu 1883 anamva wantchito wina dzina lake Antip akuimba balalaika, kagitala ka zingwe zitatu kaja, kumudzi ku Maryino, basi mutu unazungulira pomwepo. Nthawi imeneyo anthu apamwamba ankachitenga ngati choimbira cha alimi osauka, mmene ena amachitira ndi bangwe kwathu kuja. Iye anapita nacho kwa amisiri, timizere tomanga ndi ulusi pakhosi pake anachotsa n'kuika tachitsulo, n'kupangitsa masaizi osiyanasiyana kuyambira kakang'ono mpaka chimphona cha besi chochita kutsamira pansi. Mu 1888 gulu lake linaimba koyamba pagulu mumzinda uno, 1889 ali ku Paris, pofika 1896 waonjezera zoimbira zina za zingwe, domra ndi gusli, gulu lija lasanduka okestra yathunthu. Chimene chinandigwira mtima ine n'choti ankaphunzitsanso asilikali choimbira cha balalaikachi, kuti akamaliza usilikali chibwerere nawo kumidzi komwe chinachokera. Anamwalira mu 1918 koma okestra ya dzina lake ikuimbabe mpaka lero.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, munandibweza kambirimbiri mpaka ndinkadana ndi peni yanu yofiira ija kkkk, koma munalondola pondikakamiza kulemba za Semyon Nalimov, kalipentala amene ankasema zoimbira za gululi, chifukwa popanda manja ake aja bwenzi zonse zili maloto chabe.

Agogo aakazi a ku laibulale amene munkandiwerengera zilembo zakale za Chirasha pang'onopang'ono chala chili pa mzere, ine ndikungogwedeza mutu, Mulungu akudalitseni. Anzanga a pa gulupu ya WhatsApp, inu munkandiseka ndikamatumiza mavoisi ndikuyeserera kuimba zala zitatupa, ndakukhululukirani, koma nsima ya Loweruka ufa mubweretse ndinu.