Zomwe tinakaona pa maikulosikopu ulendo uja

Amene simunapite nawo, ulendo wathu uja wa manesi a ku dayalisisi unatheka, tinakhala masiku awiri pa chipatala chomwe amaika impso zopatsidwa. Tsiku loyamba linali la ku wodi basi, zomwe mumazidziwa kale. Lachiwiri ndiye anatitengera ku labu, eee kumeneko ndi komwe mutu wanga unatseguka.

Adokotala amene anatilandira anayamba kutionetsa kanyama ka impso komwe amachotsa ndi singano kuti akapime, amati biopsy, kowonda ngati ulusi, akuti kuti kakhale kokwanira mukhale tosefa magazi ta mu impso 10 totchedwa glomeruli ndi mitsempha ya artery iwiri, kutsatira ndondomeko yowerengera biopsy ya impso yopatsidwa yotchedwa Banff, yomwe inayambira ku Canada mu 1991. Kenako anaika magalasi awiri a odwala awiri, onse creatinine yawo, chija amayeza m'magazi poona mmene impso ikugwirira ntchito, ili bwinobwino, nkuti tiloze amene impso yake ikhalitse. Ine ndinaloza olakwika, musandiseke. Pa galasi lomwe ndinasankhalo munali timadontho ta buluu todzadza mu timitsempha tamagazi tozungulira timapaipi ta mkodzo ta mu impso totchedwa ma tubule, amenewo ndi maselo a chitetezo cha mthupi, ndipo atationetsa lina la munthu yemweyo lopakidwa utoto wa C4d timitsempha tonseto tinachita kulembeka, kusonyeza kuti ma antibody, mapuloteni omwe chitetezo cha mthupi chimapanga polimbana ndi chachilendo, ayamba kale kuidya impsoyo mwini wake asakumva kalikonse. Zikapitirira khoma la tosefa limaoneka mizere iwiri ngati njanji, amati transplant glomerulopathy, ndipo pofika apo impsoyo nthawi zambiri simapita patali.

Za zipsera za mkati mwa impso anakhalitsapo. Amazitcha IFTA, ndipo chipsera chongokhala phee sichiopsa ngati chomwe mkati mwake mudakali maselo otupitsa, chifukwa chachiwirichi ndiye kuti moto sunazime. China chomwe chinandizunguza ndi kavairasi ka BK, pa galasi kamafanana ndi thupi lokana impso koma thandizo lake ndi losemphana, kukana mumaonjezera mankhwala ofooketsa chitetezo cha mthupi pomwe BK mumachepetsa, nde amapaka kaye utoto wa SV40, womwe umaonetsa ngati muli BK, asanaganize.

Mnzathu wina anafunsa kuti bwanji kubaya munthu yemwe ali bwino, poti singanoyo ikhoza kutayitsa magazi. Adokotala sanakane, anati nchifukwa chake zipatala zina zimachita biopsy pa miyezi 3 ndi 12 impso itaikidwa pomwe zina zimadikira kuti creatinine ikwere, komanso biopsy payokha silosera zonse, gulu la ku Paris mu 2019 linatulutsa njira yolosera kukhalitsa kwa impso yotchedwa iBox, yomwe imaphatikiza biopsy, eGFR (mulingo wa mmene impso ikusefera magazi), puloteni ya mu mkodzo ndi ma antibody aja. Ine mbali yanga ndili kwa obaya msanga, creatinine imachedwa kulankhula.

Pobwerera mu basi tinangokambirana za tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana impso, kuti kudumphadumpha mapilisi ndi njira imodzi yomwe ma antibody amenewa amayambira, tagwirizana kuti pa miting'i ya mwezi uno tikonzenso mmene timaphunzitsira odwala omwe akuyembekezera impso. Zithunzi za magalasi aja ndili nazo mu foni, ndibweretsa.