Ndinanyamula zonse kupatula thalauza

Inde, ndine. Amene mwaona kavidiyo kaja pa WhatsApp, ka munthu wa jekete ndi tayi atakumbatira tambala, lekani kufunsana. Ndine ndithu. Koma poti wojambulayo anayambira pakati, imvaniko mbali yanga musanandimalize.

Ine si munthu wolongedza mwachisawawa. Ulendo wa ku chinkhoswe changa ku Nkhotakota ndinaukonzekera sabata yathunthu, zonse zolemba papepala. Neti, chifukwa udzudzu wa kunyanja sudziwa zoti uyu ndi mkamwini. LA, Panado, mapaketi a Thanzi kuopa kuti kondowole angandisokoneze m'mimba pamaso pa apongozi. Tochi, power bank, machaja atatu pomwe foni ndili nayo imodzi, musandifunse. Chitupa cha unzika, mswachi, sopo, Vaseline, polishi wa nsapato, botolo la WaterGuard, mpaka singano ndi ulusi. Singano ndi ulusi, anthuni! Ndinaganizira mpaka zoti thalauza likhoza kung'ambika. Chimene sindinaganizire n'choti kuti thalauza ling'ambike, liyenera kukhalapo.

Ndipo mlandu si wanga ndekha. Lachinayi usiku ndinasita shati, ndinasita jekete, nditangomaliza mwendo umodzi wa thalauza magetsi thii! Ndinalipachika pampando n'kunena kuti ndimaliza mawa. Mawa lakelo ndinadzuka 4 koloko, mdima uli bii, ndinanyamula chikwama n'kuthamangira minibasi. Poti unali mwezi wa October, ndipo kutentha kwa ku Salima mukukudziwa, ndinavala kabudula wofiira wa mpira. Aliyense wanzeru akanachita chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa ndi cha pa Kamuzu Road. Tikudikira kuti ya ku Nkhotakota idzaze, mnyamata wina anandipempha chaja, akuti yake waiwala. Ndinamubwereka, koma ndinayamba ndamulalikira. “Mphwanga, ulendo ndi kulongedza. Uzilemba papepala ngati ine.” Ndinamuonetsa ndi pepalalo. Ngati mnyamata ameneyo waona vidiyo ija, ndikupempha asanene kanthu.

Loweruka m'mawa, kumudzi kuja kufupi ndi Chia, ndinasamba bwinobwino, n'kudzola Vaseline, n'kutsegula chikwama. Shati, jekete, tayi, masokosi oyera. Ndinakhuthula zonse pamphasa ngati wogulitsa pamsika. Ndinafufuza katatu, mpaka m'kathumba ka m'mbali momwe mumangokwana mswachi. Kenako ndinaimbira mwana wa alandilodi ku Area 25 kuti asuzumire pawindo. “Lilipo ankolo, pampando. Mwendo umodzi ndi wositasita.” Makilomita pafupifupi 200, mwambo ukuyamba 9 koloko.

Amalume anaima pakhomo, anayang'ana katundu yense uja, n'kutola botolo la WaterGuard. “Mphwanga, mankhwala a madzi wanyamula, singano wanyamula. Nanga ukwatira utavala tochi?”

A kwathu aliyense anabwera ndi thalauza limodzi lomwe anavala. Msika wa kaunjika sunali tsiku limenelo. Alamu anga anazungulira nyumba zingapo monong'ona, ngakhale kunong'ona kwa kumudzi kumafika kudoko tiyi asanawire, n'kubwera ndi thalauza la atsibweni awo. Atsibweniwo ndi aafupi, koma m'mimbamu Mulungu sanawamane. M'chiuno tikanakwanamo awiri ndi amalume, pomwe miyendo inathera m'katumba, ngati ndikukonzekera kuwoloka Bua. Lamba? Lamba anali pa thalauza lija ku Area 25. Alamu anadula kachingwe ka chilimira, ukonde wa usipa uja, n'kundimanga ngati thumba la makala. “Alamu musaope, chimenechi chimakoka nsomba usiku wonse.” Sananene kuti anachidula pa ukonde womwe anasiya kugwiritsa ntchito kalekale.

Poyamba zinayenda. Anabweretsa atsikana atatu ofunditsidwa zitenje, ndinamuzindikira wanga ndi zala za kumapazi, nthungululu zinalira. Ndinkayenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira, anthu n'kumati mkamwiniyu ndi waulemu.

Itakwana nthawi yoti ankhoswe asinthane nkhuku, amalume anandipatsira tambala kuti ndigwire kaye, iwo akukonza tayi. Tambala ameneyo anali ndi maganizo ake. Anakupiza mapiko kamodzi, ine ndinakoka mpweya kuti ndimupane bwino, m'chiuno munamveka kuti dwee.

Apa ndiye pamene vidiyo imayambira. Manja ndinali nawo awiri, onse ali pa tambala. Ndikataya tambala, ndataya chinkhoswe pamaso pa mafumu. Ndikasunga tambala, mukudziwa kale. Ndinasankha banja, ndipo mpaka lero ndikuti ndinasankha bwino.

Thalauzalo silinagwe mwachangu ayi. Linatsika mwaulemu, ngati mbendera madzulo. Linaima kaye m'ntchafu, ngati likundipatsa mpata woti ndilape. Ndinatangadza miyendo kuti ndiligwire ndi mawondo, linaganiza pang'ono, n'kupitirira. Pa masokosi oyera paja linafika mwakachetechete n'kukhala pansi. Bwalo lonse zii. DJ anazimitsa nyimbo, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ankafuna kuti anthu aone bwino. Apongozi aakazi anatembenukira kukhoma monga mwa mwambo, koma mapewa awo ankagwedera ngati bwato pa mwera. Tambala naye anangoti duu, kundiyang'ana ndi diso limodzi.

Mwamwayi kabudula wofiira uja ndinali ndisanavule. Mukuona? Kukonzekera kumeneko. Palibe amene akuyamikira zimenezi.

Kenako kamwana kena kanakuwa, “Amayi, akamwini ndi a Bullets!” Basi bwalo linaphulika. Agogo ena anaimba nthungululu, n'kubwera akuvina, n'kuponya K500 pa thalauza lili pansilo. Perekaniperekani anayambira pomwepo, mndandanda wa mwambo usanafike. Achinyamata a Manoma anabwera kudzafupa monyoza, a Bullets anabwera kudzabwezera, ine ndili chiimire ndi tambala, miyendo yomangika. Ndalama zimene zinagwa pamenepo zikanagula mathalauza anayi a kaunjika, ndipo ndi gawo limene linapeza zambiri tsiku lonse. Msungichuma wa komiti akhoza kuchitira umboni.

Mkazi wanga sanalankhule nane mpaka pa Benga pobwerera. Atatsegula pakamwa anangofunsa ngati ndili ndi Panado. Ndinali naye.

Thalauza langa ndinalipeza pampando pomwepo, mwendo winawo sindinausitebe. Atsibweni aimba kawiri kufunsa lawo. Lili kuno ku Lilongwe, ndinalilongedza.