Puloteni ndi yomweyo koma mapindidwe ndi ena, zandilowa tsopano

Dzulo cha m'ma 11 usiku ndi pamene zandilowa, ndinakuwa ndekha mpaka mnzanga wa mchipinda anadzidzimuka nkufunsa ngati kwalowa akuba. Ine ndi wophunzira za udokotala, ndipo masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi atypical parkinsonism, matenda a ubongo ofanana ndi Parkinson koma osati Parkinson weniweni, omwe mwachidule amawatcha MSA, PSP ndi CBD, zija timangoloweza kuti tikhoze mayeso kenako nkuiwala. Zizindikiro zake mwachidule, wa PSP kugwa chagada matenda atangoyamba kumene maso osayang'ana pansi, wa MSA akaimirira BP yatsika mkodzo nkumavuta, levodopa, mankhwala a Parkinson, osawathandiza kwenikweni. Chimene chimandizunguza mutu chinali china. Amati Parkinson ndi matenda a puloteni ya mu ubongo yotchedwa alpha-synuclein, MSA nayonso ndi ya alpha-synuclein. Nde ngati puloteni ndi imodzimodzi, ukatenga madzi a pamsana, omwe timati CSF, nkuyeza, usiyanitsa bwanji?

Vuto langa ndimaganiza kuti biomarker iliyonse, chinthu chomwe timayeza mthupi kuti tidziwe matenda, ndi nkhani ya kuchuluka basi, monga tinazolowera ndi shuga kapena viral load, nambala ikakwera munthu akudwala, ikatsika ali bwino. Ndiye ndimasaka nambala. Ayi ndithu. Apa nkhani si kuchuluka, ndi mmene puloteniyo yapindikira.

Chitenje chimodzi chomwecho wina amanga duku, wina aberekera mwana, nsalu sinasinthe. Mu Parkinson synuclein yopindika molakwika imaunjikana mma neuron, maselo a ubongo, nkupanga timibulu totchedwa ma Lewy body. Mu MSA imaunjikana kwambiri mma oligodendrocyte, maselo ena othandizira ma neuron, nkupanga timibulu tomwe Papp ndi Lantos anatifotokoza mu 1989 asanadziwe nkomwe kuti mkati mwake muli synuclein. Ndipo mu 2020 gulu la Goedert ndi Scheres ku Cambridge linajambula ulusi wa synuclein wa mu ubongo wa odwala MSA ndi maikulosikopu amphamvu a cryo-EM nkuonetsa mapindidwe ake, omwe ndi osiyana ndi a mma Lewy body. Ndinawerenga chiganizo chimenecho kangapo mmbuyomu koma chimangondidutsa ngati mphepo.

Chinanditsegula mutu ndi seed amplification assay, RT-QuIC, njira yomwe inayambira ku CJD, matenda a ubongo oyambitsidwa ndi puloteni yopindika molakwika yotchedwa prion. Puloteni yopindika molakwika ikakhudza inzake yabwinobwino imaikakamiza kuti ipindike ngati iyoyo. Nde ku labu amatenga kadontho ka CSF ya wodwala, nkuthira mu timaenje ta pa mbale ija ya maenje 96 momwe aikamo kale synuclein yabwino yopangidwa ku labu komanso utoto wa thioflavin T, makina nkumagwedeza, kupumira, kugwedezanso, maola ambiri. Ngati mu kadonthoko muli mbewu yoipa, ngakhale yochepetsetsa yoti palibe makina angaione payokha, imasandutsa zonse zija, kugwedezako kumathyola ulusi nkupanga mbewu zina zambiri, utoto nkuyamba kuwala. Ine pomwepo ndinakumbukira agogo akazi kumudzi, amasiya chambiko pang'ono pansi pa chikho nkuthiramo mkaka watsopano, kukacha wonse wagwira. Inde ndikudziwa chambiko ndi mabakiteriya, musandilembere mauthenga, fanizoli silikwana ndendende. Koma mfundo yake ndi imeneyo: sukuyeza mbewu, ukuyeza zimene mbewuyo yachita.

Ndipo apa ndi pamene ndinakuwa paja. Mbewu imakopera mapindidwe ake omwe! Ya Parkinson ibala za Parkinson, ya MSA ibala za MSA. Gulu la Claudio Soto ku Houston mu 2020 linaonetsa kuti CSF ya odwala MSA imaunjika msanga koma kuwala kwake kumathera pansi, pamene ya Parkinson imachedwerapo koma imawala kwambiri. Puloteni yomweyo, mizere iwiri yosiyana pa girafu. Abale, masabata atatu ndikusaka nambala pomwe yankho linali mmaonekedwe a mzere.

PSP ndi CBD kumeneko nkhani ndi puloteni ina yotchedwa tau, osati synuclein, ndiye pa mayeso awa nthawi zambiri sizimawala.

Munthu amene ndamutsatira kwambiri powerenga ndi Oskar Hansson, dokotala wa ubongo ku Lund, Sweden, wa kafukufuku wa BioFINDER. Ambiri amamudziwa chifukwa cha zoyeza Alzheimer mmagazi, koma mu 2017 iye ndi anzake anaonetsa kuti neurofilament light, NfL, yoyeza mmagazi osati pamsana, imakhala yokwera mwa odwala MSA, PSP ndi CBS (zizindikiro zomwe timaganizira nazo CBD) pomwe mwa a Parkinson wamba imakhala pafupi ndi ya anthu abwinobwino. Iyi tsopano ndi nkhani ya kuchuluka ija ndimaifuna. NfL ndi zidutswa za mkati mwa axon, kachingwe kakatali ka neuron, axon ikamafa zimatayikira mmadzi. Ili ngati utsi, ikuuza kuti kukuyaka kwambiri koma siikuuza chimene chikupsa. Ukaphatikiza ziwirizi nde zimakoma, ina ikuuza puloteni yake ndi iti ndipo yapindika motani, inayo ikuuza kuti ubongo ukuonongeka mwachangu chotani. Chomwe chinandigwira mtima pa ntchito ya anthu ngati amenewa ndi kudekha kwake. Umatenga magazi ndi CSF kwa munthu lero usakudziwa kuti akudwala chani kwenikweni, nkusunga mufiriji, nkumutsatira zaka, nthawi zina mpaka atamwalira ubongo wake utaunikidwa, pamenepo ndi pomwe umabwerera ku kabotolo kaja kukaona ngati kananena zoona. Ine ndikayeza malungo mphindi 20 ndimaona ngati ndachedwa.

Chifukwa chake chovutikira chonchi chili mu kafukufuku wa Hughes ndi anzake ku London mu 1992. Anaunika ubongo wa anthu 100 omwe madokotala ananena kuti ndi Parkinson, 76 okha ndi omwe analidi nayo, mwa otsalawo munali a PSP ndi a MSA. Akatswiri amenewo, osati ife ophunzira. Ndipo sikani ya ubongo ya DaTscan yomwe timaitchula monyadira pa mayeso siithandiza apa chifukwa imaoneka yoonongeka mwa onsewo, pomwe zizindikiro zooneka ngati ka mbalame ka hummingbird (PSP) ndi hot cross bun (MSA) pa MRI nthawi zambiri zimadzaoneka bwino matenda atapita kale patali.

Njira yomwe yandipulumutsa ndikuuzeni, ndipo sindisinthanso: ndimatenga foni nkujambula voice note ndikufotokoza mutu wonse mChichewa ngati ndikuuza azakhali anga omwe sanapite patali ndi sukulu. Pamene ndakakamira nkuthawira ku Chizungu ndi pomwe sindinamve. Ndinajambula kasanu ndi kawiri za RT-QuIC, kachisanu ndi chimodzi ndi pamene chambiko chinatulukira chokha mkamwa. Zoti ma flashcard, zoti kuwerenga pagulu, kwa ine nkutaya nthawi, aliyense atamachita voice note palibe angalephere, ndikunenetsa. Mnzanga uja amati ndapenga poti ndimayankhula ndekha usiku, zili bwino.

Koma zimandiwawa kuti mkalasi mutu wonsewu unatenga mphindi mwina khumi. Aphunzitsi athu anaika silaidi imodzi ya tebulo lodzadza, nkuti izi simudzaziona kuno, tiyeni ku sitiroko. Ndinakweza mkono kufunsa za synuclein ija, anati ndikawerenge ndekha. Ndikawerenge nthawi yanji, mmawa ku wodi, masana kalasi, usiku magetsi azima, bandulo yatha pepa lili pakati kutsitsa? Ndipo mawu oti simudzaziona ndi omwe amandinyansa. Sitiziona kapena sitizizindikira? Pali bambo ena achikulire ndinawaona chaka chatha, ana awo amati amangogwa chagada, akamadya nsima imatayikira pa malaya poti sayang'ana mbale, khosi lili gwa. Aliyense anati ndi ukalamba. Ine ndinalemba Parkinson nkuika chizindikiro cha funso. Usiku wa dzulo nkhope yawo ndi imene imandibwerera.

Pamene ndaima pano mpovuta ndithu. LP, kutenga madzi a pamsana ndi singano, timachita tsiku ndi tsiku chifukwa cha meningitis, ndiye kutenga CSF si vuto kwa ife, vuto ndi komwe ipite. NfL ya mmagazi imamveka yophweka koma imakweranso ndi ukalamba, sitiroko, ngakhale HIV ikafika ku ubongo, nde pa wodi yathu munthu wa zaka 65 nambala itakwera ndinganene kuti ndi chani? Komanso palibe mankhwala oimitsa MSA kapena PSP. Ofufuza amati kudziwa msanga ndi komwe kungathandize kuyesa mankhwala atsopano pa anthu oyenera ubongo usanathe, ndipo ndikumva. Koma bambo aja ndikanakhala ndi pepa lonena kuti ndi PSP, ana awo nkundifunsa kuti ndiye titani adokotala, kaya ndikanayankha chani kupatula za ndodo, chakudya chofewa ndi kusamala kuti asatsamwe. Mwina zimenezo nzokwanira, mwina ayi. Mawa ndili pa call, ndijambulanso voice note ya tau ndione ngati ituluke.