Zikomo nonse, tabwerera m'nyumba mwathu

Abale ndi alongo, dzulo tagona m'nyumba mwathu koyamba chichokereni mu 2024, pamene nyanja ya Malawi inakwera n'kulowa mpaka pabalaza kuno ku Makawa, m'boma la Mangochi. Madzi ataphwa anasiya mzere wakuda kuzungulira zipupa, pulasitala akungoyoyoka ngati ufa. Tsiku limenelo ndinalira.

Apongozi anga a ku Namwera, munatisungira ana nthawi yonseyi osadandaula. Amayi anzanga a banki m'khonde, ngongole ya simenti ija ndatsiriza, koma chifundo chanu sindingabweze. Achimwene a kumzikiti ndi a kumpingo kwathu munatuta mchenga limodzi, Mulungu akudalitseni.

Tsono inu bambo amene munatipakira penti, ndinu munatiyanjanitsa. Ine ndi bambo a ana tinalimbana sabata yathunthu pa nkhani ya mtundu. Ine ndinkafuna kirimu, uja wopendekera kuchikasu. Iwo anakakamira wamchenga, umene kusitolo amati beige. Pakapepala ka kusitoloko mitundu iwiriyi imaoneka ngati mapasa. Inu munati tidikire kaye mwezi wathunthu kuti pulasitala aume, chifukwa penti wopaka pachinyezi amatupa n'kusupuka. Kenako munapaka zigamba ziwiri pakhoma limodzi, n'kutiuza kuti tiziziyang'ana m'mawa, masana ndi usiku babu litayaka.

M'mawa, dzuwa likutulukira kunyanja, kirimu uja ankachita kuthobwa m'maso, ndipo usiku babu lachikasu linkamusandutsa ngati nthochi yakupsa. Wamchengayo anali wofatsa tsiku lonse, ndipo nditakhudza ndi dzanja lafumbi chidindo sichinaoneke kwenikweni. Amene mukudziwa fumbi la mwera ndi manja a ana mundimvetsa. Koma titamuyesa kuchipinda cha kazenera kamodzi, anadetsa chipinda ngati kukubwera mvula.

Choncho pabalaza tapaka wamchenga, kuzipinda ndi mukolido kirimu. Ndivomere, za pabalaza bambo a ana ankanena zoona. Ndowa ziwiri za malita 20 zinakwana, ndipo munatilangiza kusunga wotsalayo m'chitini chotseka bwino kuti tidzakonzere pokalika.

Loweruka likubwerali masana tidzaphika nsima ya chambo. Nonse amene munagwirapo dzanja, chonde bwerani mudzakhale pabalazapo, mudzaone nokha kuti mzere wakuda uja kulibenso.